Kasankhidwe ka motherboard ya kompyuta yaing'ono: yezani kaye musanalipire

Mnzanga wina amene amakonza mavidiyo a maukwati anabwera kwathu tsiku lina atanyamula katoni, nkhope itagwa. Anali ataitanitsa motherboard yaing'ono (bodi imene zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo) kuchokera ku Johannesburg, n'kudikira masabata atatu, chifukwa ankafuna kompyuta yoti aziinyamula m'chikwama popita kuntchito. Purosesa (ubongo wa kompyuta) inalowa bwinobwino, RAM (memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayenda) nayo inalowa. Koma titati tiike choziziritsira purosesa, chinakakhala pamwamba pa RAM n'kulephera kutsika. Tinachitembenuza mbali zonse zinayi. Mbali ina chinkagunda chitsulo chotchinga madoko akumbuyo, mbali ina chinkagunda RAM yomweyo. Chinatilepheretsa chinali mamilimita osakwana khumi. Katundu wogula kutali sabwezedwa mwachisawawa, ndiye anangogulanso RAM ina yaifupi, ndalama imene sanaikonzekere.

Pa bodi yaikulu malo ndi ambiri, ukalakwitsa pang'ono zimakonzeka. Pa bodi yaing'ono chilichonse chimakhala mothinana ngati m'minibasi ya madzulo, moti mabodi awiri okhala ndi soketi (polowa purosesa) imodzi komanso chipset (kachipangizo koyendetsa madoko ndi masiloti a bodi) chimodzi akhoza kusiyana kwambiri pa kumangika kwake. Ndandanda ya zimene bodi ili nazo imakuuzani theka la nkhani. Theka linalo ndi malo amene zinthuzo zaikidwa, ndipo n'limene anthu ambiri saliyang'ana. Nayi njira imene ine ndimatsata ndikamayerekeza mabodi otere.

Gawo 1: Dziwani mtundu wa bodi imene mukuiona

Muyezo waukulu wa ATX unayambitsidwa ndi Intel mu 1995, ndipo bodi yake ndi mamilimita 305 m'litali ndi 244 m'lifupi. Ang'onoang'ono onse amayerekezedwa ndi imeneyi.

Micro-ATX inabwera mu 1997. Kukula kwake sikupitirira mamilimita 244 mbali zonse, ndipo imatha kukhala ndi masiloti a makhadi mpaka anayi komanso masiloti a RAM awiri kapena anayi. Mabodi otsika mtengo a mtundu umenewu nthawi zambiri amadulidwa m'lifupi, sakwana 244.

Mini-ITX inapangidwa ndi kampani ya VIA Technologies mu 2001. Ndi mamilimita 170 mbali zonse, ili ndi mabowo anayi omangira, siloti imodzi ya PCIe (polowa khadi monga graphics card, yotulutsa zithunzi) ndi masiloti awiri a RAM. Anthu akamati kompyuta yaing'ono yomanga wekha, kawirikawiri amanena imeneyi.

Palinso ina itatu imene imasokoneza ogula. Mini-DTX, imene AMD inalengeza mu 2007, ndi mamilimita 203 ndi 170. Pachithunzi imaoneka ngati Mini-ITX, koma ili ndi mamilimita 33 owonjezera kumunsi, ndipo si kesi (bokosi la kompyuta) iliyonse ya Mini-ITX imene ingailandire. Chitsanzo chake ndi ASUS ROG Crosshair VIII Impact. Thin Mini-ITX ndi 170 ndi 170 momwemo koma yophwatalala, imagwiritsa ntchito RAM ya laputopu ndipo yambiri imalandira magetsi a mavoti 19 kuchokera ku adaputala. Mini-STX, imene Intel inaonetsa mu 2015, ndi mamilimita 147 ndi 140, ilibe siloti ya graphics card, ndipo mumaipeza m'timakompyuta ngati ASRock DeskMini.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Ngati kompyutayo izingokhala pansi pa tebulo osasuntha, gulani Micro-ATX. Kawirikawiri imatsika mtengo kuposa Mini-ITX ya chipset chomwecho, imakupatsani malo owonjezerapo zinthu m'tsogolo, ndipo imalowa m'makesi wamba amene amapezeka mosavuta. Mini-ITX ndi ya munthu amene kuchepa kwa kompyutayo kuli ndi phindu lenileni kwa iye: wonyamula, wa malo ochepa pashopu, wofuna kuiika pafupi ndi TV.

Chenjezo lina kwa amene muli ndi kompyuta yakale ya muofesi, monga Dell OptiPlex kapena HP yaing'ono, imene ambirife tinagula yogwiritsidwa kale ntchito. Ambiri mwa makompyuta amenewa ali ndi mabodi a mapangidwe awoawo. Mabowo omangira, polumikizira batani loyatsira, ngakhale waya wa magetsi sizitsatira muyezo wa ATX. Musaganize kuti mungochotsa bodi yakeyo n'kuikamo Mini-ITX. Tsegulani muone kaye ngati waya waukulu wa magetsi uli wa mapini 24. Mukapeza wa mapini 6 kapena 8 okha, dziwani kuti kesiyo ndi power supply yake, kabokosi kopereka magetsi, sizikuthandizani.

Gawo 2: Yambani ndi kesi, osati bodi

Pezani manambala atatu a kesi imene muli nayo kapena imene mukufuna kugula: msinkhu wa choziziritsira purosesa umene imalola, kutalika ndi kunenepa kwa graphics card imene ingalowe, ndi mtundu wa power supply. Alembeni papepala.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Kesi ya DAN A4-SFX, ya malita 7 ndi pang'ono, imalola choziziritsira cha mamilimita 48 basi. Cooler Master NR200, ya malita pafupifupi 18, imalandira choziziritsira chachitali ngati cha kompyuta wamba. Makesi ang'onoang'ono ambiri amafuna power supply ya SFX, imene ndi mamilimita 125 ndi 63.5 ndi 100, pomwe ya ATX wamba ndi 150 ndi 86 ndi 140 kapena kuposa. Ya SFX imadulanso, ndiye iwerengereni m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Kenako tengani katoni, rula ndi lumo, mudule chidutswa cha masentimita 17 mbali zonse. Chioneka ngati masewera a ana, koma chidutswa chimenechi tichigwiritsa ntchito pa gawo lachinayi.

Gawo 3: Soketi, chipset ndi RAM

Ili ndi gawo losavuta chifukwa mayankho ake ndi inde kapena ayi.

Kumbali ya AMD, soketi ya AM4 inayamba mu 2016 ndipo imagwiritsa ntchito RAM ya mtundu wa DDR4. AM5 inabwera mu 2022 ndipo imafuna DDR5 yokha. Kumbali ya Intel, LGA1700 inabwera mu 2021 ndipo imalandira mapurosesa a m'badwo wa 12, 13 ndi 14. Pa soketi imeneyi pali msampha: mabodi ena ndi a DDR4, ena ndi a DDR5, ndipo mayina awo amatha kusiyana ndi zilembo ziwiri zokha kumapeto. DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi mapini 288, koma kampata kapakati kali pamalo osiyana, ndiye imodzi singalowe m'malo mwa inzake. LGA1851 ya mu 2024 ndi ya DDR5 yokha.

Pa chipset, musalipirire zimene simudzagwiritsa ntchito. Bodi ya Mini-ITX ili ndi siloti imodzi ya khadi ndi malo a M.2 (polowa timadiski tating'ono tosungira mafayilo) awiri kapena atatu, choncho njira zambiri zimene chipset chapamwamba ngati Z790 kapena X670 chimapereka zimasowa potulukira. Kwa anthu ambiri B550 kapena B650 ya AMD, kapena B760 ya Intel, imakwana. Kutsika kwambiri nako kuli ndi mtengo wake: A520 imathera pa PCIe 3.0 pomwe B550 imapereka PCIe 4.0, yothamanga kuposa 3.0, ku graphics card ndi ku M.2 yoyamba, ndipo H610 siilola kuthamangitsa RAM kuposa liwiro limene purosesa imavomereza.

Poti masiloti a RAM ndi awiri okha, gulani kuchuluka kumene mukufuna pa ulendo woyamba. Mukaika ziwiri za 8 GB lero, tsiku lofuna 32 GB mudzachotsa zonsezo. Pa DDR4 malire ndi 64 GB, ziwiri za 32.

Onaninso ngati purosesa yanu imatulutsa zithunzi payokha. Za Intel zothera ndi chilembo F sizitulutsa. Ryzen 5 5600 siitulutsa, koma 5600G imatulutsa. Doko la HDMI lili pabodi silikhala ndi ntchito ngati purosesayo ilibe mbali imeneyi.

Gawo 4: Tsitsani kabuku ka malangizo, muyang'ane chojambula cha bodi

Apa ndiye pagona nkhani. Kampani iliyonse imaika kabuku ka malangizo a bodi pa intaneti kwaulere. M'masamba oyambirira mumakhala chojambula chosonyeza malo a chilichonse. Tsitsani timabuku ta mabodi awiri kapena atatu amene mukuwayerekeza, mujambule zimene mukuonazo pa katoni ija, bodi iliyonse ndi cholembera cha mtundu wake. Mukatero ikani katoniyo m'kesi, pamalo a bodi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho musathamange.

Yambani ndi zozungulira soketi. Kumanzere ndi kumtunda kwa soketi kumakhala zitsulo zoziziritsa VRM, tizipangizo timene timatsitsa mavoti 12 a power supply kufika pa voti imodzi ndi pang'ono imene purosesa imadya. Pa mabodi odula zitsulo zimenezi ndi zazitali, ndipo zina zimalumikizana ndi chotchinga madoko akumbuyo n'kupanga khoma. Kumanja kuli RAM. Kumunsi kuli M.2 yokhala ndi chitsulo chake, ndipo pa mabodi ena a ASUS ROG Strix ma M.2 awiri amasanjikizidwa pa timabodi ting'onoting'ono, chimene chimapanga nsanja yaitali. Soketi imakhala ngati nyumba yozunguliridwa ndi mpanda mbali zonse zinayi. Choziziritsira chochepa ngati Noctua NH-L9i, cha mamilimita 37, chimakhala mkati mwa mpandawo osagunda kanthu. Chotambalala ngati NH-L12S, cha mamilimita 70, chimadutsa pamwamba pa mpanda, ndipo fani ikakhala pansi pake chimasiyira RAM mamilimita 35 okha. RAM yaifupi ngati Corsair Vengeance LPX ndi mamilimita pafupifupi 34, pomwe yambiri ya magetsi owala imafika 44 kapena kuposa. Pamenepa m'pamene mnzanga uja anagwera. Noctua ili ndi ndandanda pa intaneti yosonyeza choziziritsira chilichonse ndi mabodi amene chimalowa, ndipo ndi bwino kuiona musanagule.

Ngati mukufuna kugwiritsanso ntchito choziziritsira chakale, dziwani kuti mabowo a LGA1700 atalikirana mamilimita 78, pomwe a LGA1200 ndi LGA1151 anali 75. Mufunika zomangira zatsopano. Zoziziritsira zambiri za AM4 zimalowa pa AM5, kupatula zimene zimafuna kuchotsa chitsulo cha kuseri kwa bodi.

Tembenuzani tsopano, muone kuseri. Mabodi ambiri a Mini-ITX ali ndi M.2 yachiwiri kumsana. M.2 ya 2280 ndi mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, ndipo ikakhala kuseri imapanikizika pakati pa bodi ndi chitsulo cha kesi, kumene mphepo siifika. M'nyengo yotentha ya October, diski yotere ikamakopera mafayilo aakulu imatentha n'kudzichepetsera liwiro yokha. Choncho diski imene muikepo Windows kapena mavidiyo amene mukukonza ikhale kutsogolo, yakuseri ikhale yosungira. Onaninso ngati kesi yanu ili ndi chibowo kuseri kwa bodi. Ngati ilibe, tsiku losintha diskiyo mudzamasula kompyuta yonse. Werenganinso timawu tating'onoting'ono pansi pa ndandanda ya M.2, chifukwa pa mabodi ena kuika diski pamalo ena kumazimitsa doko limodzi la SATA (polumikizira ma hard drive), ndipo malo ena salandira M.2 ya SATA konse.

Madoko a SATA enieniwo ndi awiri kapena anayi. Ngati muli ndi ma hard drive atatu odzaza zithunzi za makasitomala, bodi ya madoko awiri yagwa kale pa mpikisanowo. Yang'ananinso kumene ayang'ana. Oimirira, ali pakati pa RAM ndi siloti ya khadi, amatha kupanikizidwa ndi graphics card. Ogona chammbali amafuna mpata m'mphepete mwa bodi, ndipo m'makesi ena power supply imakhala pomwepo.

Pezaninso polumikizira magetsi a purosesa, pa mapini 8. Kawirikawiri pamakhala pakona yakumtunda kumanzere, pothina kwambiri. Ine ndinazolowera kulumikiza waya ameneyu bodi isanalowe m'kesi, chifukwa ikalowa chala sichifikanso. Mawaya a power supply ya SFX ndi aafupi dala, ndiye yezani ndi chingwe kuchokera pamene power supply idzakhale kufika pakona imeneyo pa katoni yanu.

Werengani malo olumikizira mafani. Mabodi ambiri ang'onoang'ono ali ndi atatu okha, limodzi la purosesa. Ngati kesi ili ndi mafani anayi, mufunika waya wogawa.

Kutsogolo kwa kesi kumachokera mawaya a USB, a mahedifoni ndi a batani loyatsira. Waya wa USB 3.0 wa mapini 19 ndi wonenepa komanso wouma, sapindika msanga, choncho malo ake akakhala pakati pa bodi amavutitsa kuposa akakhala m'mphepete. Ngati kesi ili ndi doko la USB-C kutsogolo, bodi iyenera kukhala ndi polumikizira pake papadera, ndipo mabodi otsika mtengo ena alibe. Polumikizira mahedifoni pa mabodi ena a Mini-ITX pamabisala pakati pa madoko akumbuyo ndi siloti ya khadi, moti muyenera kulumikiza musanaike graphics card.

Okonda magetsi owala, samalani ichi. Pali polumikizira pa mapini 4 pa mavoti 12, ndi pa mapini 3 pa mavoti 5. Mukalumikiza magetsi a mavoti 5 pa 12, amapsa nthawi yomweyo.

Gawo 5: Madoko akumbuyo

Pa bodi yaikulu, chimene chikusowa mumawonjezera ndi khadi. Pa Mini-ITX siloti ija ikatengedwa ndi graphics card, zimene zili kumbuyo ndi zomwezo mpaka kalekale. Werengani zipangizo zimene mumalumikiza tsiku ndi tsiku: kiyibodi, mbewa, pulinta, chowerengera memori khadi, diski yakunja, modemu. Bodi ya madoko a USB asanu ndi limodzi imadzaza msanga kuposa mmene mukuganizira.

Mabodi ambiri a Mini-ITX amabwera ndi Wi-Fi ndi Bluetooth, pomwe a Micro-ATX otsika mtengo ambiri alibe. Kwa ife amene intaneti timaitenga pa foni kapena pa rauta ya m'manja, izi zimachepetsa kusiyana kwa mtengo. Pogula bodi yakale, funsani za tinyanga take, chifukwa popanda ito Wi-Fi ndi Bluetooth zonse zimafooka. Doko la netiweki limakhala la 1 Gb kapena 2.5 Gb, koma la 2.5 limathandiza pokhapokha chipangizo cha mbali inayo chikhale cha liwiro lomwelo. Ngati muli ndi sikirini yakale ya VGA, dziwani kuti mabodi ang'onoang'ono atsopano ambiri ali ndi HDMI ndi DisplayPort basi.

Gawo 6: BIOS ndi magetsi

Bodi ikhoza kukhala ya soketi yoyenera koma osayaka chifukwa BIOS yake, pulogalamu ya pabodi imene imayambitsa kompyuta, ndi yakale kuposa purosesa. Mabodi oyambirira a B550 ankafuna BIOS yatsopano kuti alandire Ryzen 5000, ndipo a B660 ndi Z690 amafuna yatsopano kuti alandire mapurosesa a Intel a m'badwo wa 13. Mankhwala ake ndi kabatani kakumbuyo kolola kusintha BIOS ndi fulashi popanda purosesa. ASUS imakatcha USB BIOS FlashBack, Gigabyte imati Q-Flash Plus, MSI imati Flash BIOS Button. Kwa munthu amene sangabwereke purosesa yakale pafupi, kabatani kameneka ndimakaika patsogolo pa magetsi owala ndi zokongoletsa zonse. Amene mukugula purosesa ya Intel ya m'badwo wa 13 kapena 14, ikani BIOS yatsopano ngakhale kompyuta ikuyaka, chifukwa mu 2024 Intel inatulutsa zokonza vuto la mavoti okwera amene ankawononga ena mwa mapurosesa amenewa.

Musasinthe BIOS popanda UPS kapena invata. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyo bodi ikhoza kufa, ndipo kwathu kuno sachenjeza akamapita.

Onaninso pamene pali batire ya CR2032 ndi pofufutira makonzedwe a BIOS. Pa mabodi ambiri ang'onoang'ono batireyo siikhala poonekera. Imakulungidwa m'pulasitiki, n'kulumikizidwa ndi kawaya, n'kumatidwa kuseri kwa madoko. Bodi yokhala ndi batani lofufutira kumbuyo idzakupulumutsani tsiku limene RAM yakana kuyaka.

Ngati kesi yanu imalumikiza graphics card kudzera pa lamba wotchedwa riser, onani m'badwo wake. Lamba wa PCIe 3.0 pakati pa bodi ndi khadi za PCIe 4.0 amatha kupangitsa sikirini kukhala yakuda. Njira yake ndi kulowetsa khadiyo mwachindunji pabodi kaye, kusintha silotiyo kukhala Gen 3, kutanthauza PCIe 3.0, mu BIOS, kenako n'kubwezera lambayo.

Kwa amene mumadalira sola, apa m'pamene Thin Mini-ITX ndi Mini-STX zimakhala ndi mwayi. Zimadya magetsi ochepa ndipo zimalandira mavoti 19 ngati laputopu. Pa ntchito za muofesi ndi zapasukulu zimakwana bwino, koma za masewera aakulu ayi.

Gawo 7: Gamulani, kenako yesani bodiyo isanalowe m'kesi

Tsopano muli ndi katoni yolembedwalembedwa ndi pepala la manambala. Chotsani kaye bodi iliyonse imene yalephera chinthu chimene simungachisinthe: siikulowa m'kesi, ikugundana ndi choziziritsira, madoko a SATA ndi ochepa. Mwa zotsalazo, sankhani imene mawaya ake akuyenda m'mphepete ndipo ili ndi kabatani ka BIOS. Mtengo ubwere pomaliza. Pamene kabuku sikakunena msinkhu wa chitsulo china, lemberani wogulitsa akuyezereni ndi rula n'kukutumizirani chithunzi. Safunsa anadya phula.

Ngati bodiyo ndi yogwiritsidwa kale ntchito, walitsani tochi ya foni pa soketi mopendeketsa. Pa LGA1700 ndi AM5 timapini tili m'soketimo, ndipo kamodzi kopindika kamanyezimira mosiyana ndi tinzake. Pa AM4 timapini tili pa purosesa, ndiye yang'anani kumeneko. Funsaninso chitsulo chotchinga madoko akumbuyo ngati sichinamangiriridwe pabodi, komanso kasikuluu ka M.2, kamene kamasowa kawirikawiri.

Katundu akafika, musathamangire kumanga m'kesi. Ikani bodi pamwamba pa katoni yake, osati pa chitsulo. Gwirani kaye chitsulo cha kesi kuti muchotse magetsi a m'thupi. Ikani purosesa, choziziritsira, RAM imodzi ndi diski, lumikizani waya wa mapini 24 ndi wa mapini 8, kenako sikirini. Yatsani pokhudzitsa sikuludilaiva pa timapini tiwiri ta batani loyatsira, timene kabuku kakusonyezani. Pa AM5 kuyaka koyamba kumatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda pamene bodi ikuzolowerana ndi DDR5, choncho musazimitse msanga. BIOS ikaoneka, onani ngati yawerenga RAM ndi diski, zimitsani, ikani RAM yachiwiri, muyesenso. Zikatheka, mangani M.2 yakuseri, lumikizani waya wa mapini 8 ndi wa mahedifoni, kenako tsitsirani bodiyo pa timiyendo take tinayi m'kesi.